Liwu loti "consecutive": tanthauzo lake, mmene limagwirira ntchito, ndi mmene linafikira kukhoti

Pali mawu ena a Chingerezi omwe timakumana nawo pafupifupi sabata iliyonse koma sitikhala pansi n'kuwaunika bwinobwino. Limodzi mwa mawu otere ndi "consecutive". Limapezeka pa tsamba la zamasewero timu ikatenga ligi kangapo, pa pepala la mayeso a masamu, pa chigamulo cha khoti, pa kalata yolembera munthu ntchito, ngakhalenso m'malamulo oyendetsera dziko la Malawi. Owerenga nkhani pa wailesi amati "motsatizana" kapena "mondondozana", ndipo salakwitsa. Vuto limabwera chifukwa Chingerezi chili ndi mawu enanso angapo oyandikana nalo, monga "continuous", "successive" ndi "concurrent", ndipo ambiri amawasakaniza ngati ndi amodzi. Pocheza wamba kusakanizako sikupweteka munthu. Koma pa mayeso kumaluzitsa malikisi, kukhoti kumasintha zaka zomwe munthu akakhale kundende, ndipo mu 2009 kunakhudza funso loti ndani angapikisane nawo pa mpando wa pulezidenti.

Tanthauzo lake

Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mneni woti "consequi", yemwe amatanthauza kutsatira pambuyo penipeni pa chinthu. Linalowa m'Chingerezi kudzera ku Chifalansa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Ndi la banja limodzi ndi "sequence", lomwe ndi mndandanda, ndi "consequence", lomwe ndi zotsatira. Potchula, mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri: kon-SE-kyu-tiv.

Munthu akanena kuti zinthu ndi "consecutive", akunena mfundo ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi yoti zinthuzo zili pa mndandanda womwe uli ndi dongosolo lodziwika, chinthu china patsogolo, china pambuyo. Yachiwiri ndi yoti pakati pa zinthu zomwe watchulazo palibe chomwe chadumphidwa. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku atatu otsatizana. Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi ndi masiku atatu ndithu, ndipo ali m'dongosolo lake, koma si otsatizana chifukwa Lachiwiri ladumphidwa.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo mtima wa liwuli. Kuchuluka kwa zinthu sikukwanira pakokha. Timu ingathe kupambana masewero 10 pa chaka popanda kupambanako ngakhale awiri motsatizana, ngati imati ikapambana lero, sabata yamawa n'kugonja.

Chomwe chikuwerengedwa n'chiyani?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Liwuli silinena kuti pakati pa zinthuzo sipanadutse nthawi. Likunena kuti pa mndandanda womwe tikuwerengawo sipanalowe china. Choncho funso loyamba nthawi zonse ndi loti: tikuwerenga chiyani, masiku, zaka, masewero kapena mipikisano?

Dziko la Egypt linatenga chikho cha mpira cha mayiko a mu Africa mu 2006, mu 2008 ndi mu 2010. Zaka zimenezi si zotsatizana, pakuti 2007 ndi 2009 palibepo. Komabe olemba nkhani amanena molondola kuti Egypt inatenga chikhochi "three consecutive times", chifukwa mpikisanowu unkachitika pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa mipikisano itatu yondondozana palibe dziko lina linalowererapo. N'chimodzimodzi ndi Brazil, yomwe inatenga chikho cha dziko lonse mu 1958 ndi mu 1962. Pakati pake panadutsa zaka zinayi, koma panalibe mpikisano wina.

Kuno kwathu, timu ya Nyasa Big Bullets inatenga ligi yaikulu kasanu motsatizana, kuyambira mu 2018 mpaka mu 2023, isanalandidwe ndi Silver Strikers mu 2024. Wina akawerenga zaka pa zala apeza zisanu ndi chimodzi, n'kudabwa kuti bwanji akuti kasanu. Chifukwa chake n'choti mliri wa Covid-19 unasokoneza kalendala, ligi ya 2020 n'kulowerera mu 2021. Zomwe zikuwerengedwa ndi nyengo za ligi, osati zaka za pa kalendala.

Funso lachiwiri ndi loti: n'chiyani chomwe chimadula mndandandawo? Timu ya Arsenal ya ku England inasewera masewero 49 a ligi osagonja kuyambira mu Meyi 2003 mpaka mu Okutobala 2004, pomwe Manchester United inaigonjetsa 2-0. Ochemerera ena amakamba nkhaniyi ngati timuyo inapambana masewero 49 motsatizana. Ayi. Inapambana 36, ndipo 13 inafanana mphamvu ndi matimu ena. Pa mndandanda wa kusagonja, kufanana mphamvu sikudula kanthu. Pa mndandanda wa kupambana, kufanana mphamvu kamodzi kokha kumathetsa zonse, kuwerenga n'kuyambiranso pa 1. Azungu amatcha mndandanda woterewu "streak" kapena "run", ndipo amasiyanitsa "winning streak" ndi "unbeaten run" pa chifukwa chomwechi.

Mawu oyandikana nalo

Liwu lomwe limasokonezedwa kwambiri ndi "consecutive" ndi "continuous". Njira yapafupi yowasiyanitsira ndi kuyang'ana m'munda wa chimanga. Mzere womwe mlimi wagalauza umayenda osaduka kuyambira kumutu kwa munda mpaka kumapeto: umenewo ndi "continuous". Mapando omwe wabzala pa mzerewo ndi osiyana, lililonse lili palokha, pakati pawo pali mpata, ndipo mungathe kuwawerenga. Ngati mapando asanu oyandikana onse amera, popanda logwera pakati, amenewo ndi "five consecutive". Liwu loyambalo ndi la chinthu chimodzi chosadukiza. Lachiwirilo ndi la zinthu zingapo zowerengeka zomwe zaima mondondozana.

N'chifukwa chake ziganizo ziwiri izi sizinena chimodzimodzi. "It rained for three consecutive days" akutanthauza kuti tsiku lililonse mwa masiku atatuwo kunagwako mvula, ngakhale kuti mwina inkagwa madzulo okha, masana dzuwa n'kumawala. "It rained continuously for three days" akutanthauza kuti mvulayo sinakate n'komwe, usiku ndi usana, mvula ya mvumbi yeniyeni. Amene anali kum'mwera kwa dziko lino mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy akudziwa kusiyana kwa ziwirizi.

Palinso "continual", lomwe limafanana kwambiri ndi "continuous" pa kalembedwe. Ili limanena za chinthu chomwe chimabwerezabwereza, chimati chikasiya n'kuyambiranso, monga kuthimathima kwa magetsi. Ngakhale eni chiyankhulo amawasakaniza awiriwa, koma olemba osamala amawasiyanitsa.

"Successive" ndiye m'bale wake weniweni wa "consecutive", ndipo m'ziganizo zambiri mungathe kuchotsa limodzi n'kuikapo linzake tanthauzo osasintha. Kusiyana kwake n'kochepa. "Consecutive" limakonda kuyenda ndi nambala, ndipo limatsindika kuti palibe chodumphidwa. "Successive" limatsindika kuti china chinkalowa m'malo mwa chinzake, ndipo limakhala bwino ngakhale popanda nambala. N'chifukwa chake nyuzipepala zimalemba kuti "successive governments" zikamanena za maboma omwe akhala akusinthana, osati "consecutive governments".

Lotsutsana nalo lenileni pa nkhani ya masiku ndi "alternate", kutanthauza kudumphitsa. "On alternate days" ndi lero, mawa ayi, mkuja inde.

Mmene limakhalira m'chiganizo

Liwuli ndi mfotokozi, ndipo lili ndi malo ake okhazikika. Pali njira ziwiri zofala. Yoyamba ndi kuyamba ndi nambala, kenako liwuli, kenako dzina lochulukitsa: "three consecutive wins". Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito nambala yosonyeza malo, dzina n'kukhala la chinthu chimodzi: "their third consecutive win". Cholakwika chomwe chimaoneka kawirikawiri m'makalata ndi m'zolemba za ana asukulu ndi kusintha malowa n'kulemba "consecutive three wins", kapena kusakaniza njira ziwirizi n'kulemba "third consecutive wins". Likamafotokoza mchitidwe limakhala "consecutively", monga m'chiganizo choti "number the pages consecutively", kutanthauza kuti masamba apatsidwe manambala mondondozana osadumpha.

Pocheza, eni chiyankhulo sakonda kulitchula chifukwa limamveka la m'mabuku. Amati "three days in a row", "three days running", kapena "three straight days". Zikakhala ziwiri zokha amakonda kunena kuti "back-to-back". Olengeza mpira a ku Britain amanenanso kuti "on the trot". Onsewa akunena chinthu chimodzi, ndiye kuwaphatikiza n'kulemba "three consecutive days in a row" ndi kubwereza kosafunika.

Chenjezo limodzi: "consecutively" si "consequently". Lachiwirili limatanthauza "chifukwa cha ichi" kapena "motero". Amafanana chifukwa muzu wawo ndi umodzi, koma ntchito zawo n'zosiyana.

Pa mayeso a masamu

Ophunzira a kusekondale amakumana ndi liwuli m'mafunso omwe amawauza kupeza manambala osadziwika. Manambala otsatizana ndi omwe amasiyana ndi 1, monga 7, 8, 9. Ngati yoyamba ndi n, yotsatira ndi n + 1, ina n + 2. Funso likati manambala atatu otsatizana akaphatikizidwa akupereka 48, timalemba n + n + 1 + n + 2 = 48. Zikatero 3n + 3 = 48, ndiye n ndi 15, ndipo manambalawo ndi 15, 16 ndi 17. Pali njira yachidule yoyesera yankho: manambala atatu otsatizana akaphatikizidwa, yankho limakhala nambala yapakati kuchulukitsa katatu. Gawani 48 ndi 3, mupeza 16.

Msampha uli pa mafunso onena za "consecutive even numbers" kapena "consecutive odd numbers". Manambala 4, 6, 8 sakutsatizana pa mndandanda wa manambala onse, koma akutsatizana pa mndandanda wa manambala ogawika ndi 2. Momwemonso 13, 15, 17 akutsatizana pa mndandanda wa osagawika ndi 2. Apa kusiyana kwake ndi 2, ndiye timalemba n, n + 2, n + 4. Wophunzira yemwe angoona liwu loti "consecutive" n'kuthamangira kulemba n + 1 waluza funso lonse, ngakhale atadziwa bwino kuwonkhetsa. Ndi mfundo ya Egypt ija: yamba wadziwa mndandanda womwe ukuwerenga.

Kuntchito, kuchipatala ndi pa chuma

Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limagwiritsa ntchito liwuli poteteza wogwira ntchito. Limati bwana asagwiritse munthu ntchito masiku opitirira 6 otsatizana popanda kumupatsa mpumulo wa maola 24 otsatizana. Liwuli likadapanda kukhalapo pa maolawo, bwana akadatha kugawa mpumulowo pang'onopang'ono, maola anayi lero, anayi mawa, n'kunena kuti akwana 24. Pokhalapo, mpumulowo uyenera kukhala wathunthu. Pa kalata ya mgwirizano uliwonse ndi bwino kuona ngati alemba "consecutive days", omwe kawirikawiri amawerengera Loweruka ndi Lamulungu lomwe, kapena "working days", omwe amasiya masiku opuma. Masiku 14 a mtundu woyamba ndi masabata awiri, pomwe a mtundu wachiwiri amayandikira masabata atatu.

Kuchipatala, mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu otsatizana. Kutsatizanako n'kofunika chifukwa mankhwalawo ayenera kukhala okwanira m'magazi mpaka tizilombo tonse titafa. Munthu akamwa tsiku loyamba, n'kupeza bwino, n'kudumpha lachiwiri, tizilombo totsala timachulukananso.

Akatswiri a zachuma nawo ali ndi muyeso wofala woti chuma cha dziko chalowa pansi ngati chachepa kwa "two consecutive quarters", kutanthauza zigawo ziwiri zondondozana za miyezi itatuitatu. Dziko la Britain linagwera mu muyeso umenewu m'miyezi 6 yomaliza ya 2023.

Ndipo amene amapemphera m'matchalitchi momwe mlaliki amalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira amadziwa kale "consecutive interpreting" ngakhale sanamvepo dzinalo: mlaliki anena, aima, womasulira atsatira. Kumasulira komwe kumachitika nthawi yomweyo wolankhula asanaime, anthu atavala zomvera m'makutu monga ku misonkhano ya United Nations, amati "simultaneous interpreting".

Kukhoti: zilango zotsatizana ndi zoyendera limodzi

Munthu akapezeka wolakwa pa milandu ingapo, woweruza amapereka chilango pa mlandu uliwonse, kenako n'kunena mmene zilangozo zigwirire ntchito. Apa pali mawu awiri omwe amamveka mofanana koma amatsutsana. "Concurrently" ndi kuyendera limodzi. "Consecutively" ndi kutsatizana, china chikatha china n'kuyamba.

Tiyerekeze kuti munthu wathyola nyumba n'kubamo katundu, ndipo khoti lamupatsa zaka 5 pa kuthyola ndi zaka 2 pa kuba. Zilangozo zikamayendera limodzi, zonse zimayamba tsiku limodzi, ndipo munthuyo akakhala kundende zaka 5, chifukwa zaka 2 zija zimathera m'kati mwa 5. Zikakhala zotsatizana, akakhala zaka 7. Achibale omwe amva zaka zokha osamva liwu lomaliza la woweruza amatuluka m'khoti osadziwa zenizeni, ena akulira zaka 7 pomwe m'bale wawo wapatsidwa 5.

Mwachizolowezi, makhoti a m'mayiko omwe anatengera malamulo a ku England, kuphatikizapo Malawi, amakonda kulamula kuti zilango ziyendere limodzi ngati milanduyo inachokera pa chochitika chimodzi, ndipo amazitsatiza ngati milanduyo inapalamulidwa nthawi zosiyana kapena kwa anthu osiyana. Woweruza amayang'ananso zaka zonse pamodzi kuti aone ngati sizikupyola kukula kwa zomwe munthuyo anachita. Ku America ndi komwe kumamveka zilango zoposa moyo wa munthu, chifukwa cha kutsatiza komweku. Mu Juni 2009, Bernard Madoff, yemwe anabera anthu ndalama zankhaninkhani powanamiza kuti akuwachulukitsira, anapatsidwa zaka 150 ataphatikiziridwa zilango za milandu 11. Anali ndi zaka 71.

Liwu limodzi m'gawo 83

Palibe pomwe liwuli linakhala lolemera kuno kwathu kuposa m'malamulo oyendetsera dziko. Gawo 83, ndime yachitatu, limati pulezidenti ndi achiwiri ake angathe kutumikira "a maximum of two consecutive terms", kutanthauza materemu osapitirira awiri otsatizana. Teremu iliyonse ndi zaka 5. Malamulowa anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994, dziko likuchoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anali atalengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya kuyambira mu 1971.

Bakili Muluzi analamulira kuyambira mu 1994 mpaka mu 2004. Mu Julaye 2002, bilu yofuna kuchotsa malire a materemu inapita ku Nyumba ya Malamulo koma inaperewera mavoti atatu kuti ikwanitse magawo awiri mwa atatu ofunika posintha malamulowa. Kumayambiriro kwa 2003 kunabweranso bilu ina yofuna teremu yachitatu, koma sinadutse. Bingu wa Mutharika analowa m'malo mwake mu 2004. Chisankho cha 2009 chikuyandikira, chipani cha UDF chinasankhanso Muluzi kuti adzachiimirire, ndipo mkangano wonse unagona pa tanthauzo la liwu limodzili.

Panali mawerengedwe awiri. Mbali ya Muluzi inkati malamulo akuletsa kupitirira materemu awiri ondondozana basi. Munthu akatumikira awiri, n'kuchoka, wina n'kulamulira teremu imodzi, mndandanda uja waduka ndipo kuwerenga kumayambiranso. Ankafunsa kuti ngati olemba malamulo ankafuna kuletsa munthu kubwereranso mpaka kalekale, anaikiranjipo liwu loti "consecutive"? Akadangolemba kuti materemu awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Mbali inayo inkati liwu lolamulira chiganizocho ndi "maximum", kutanthauza malire otsiriza. Munthu akafika pa materemu awiri otsatizana wafika pa malire, ndipo palibe pomwe malamulo akunena kuti akapumako malirewo amafufutika. Ankawonjezera kuti cholinga cha gawoli chinali kutseka njira yobwerera ku ulamuliro wamuyaya, ndipo kulola munthu kumapita n'kumabwerera kungatsegulenso njira yomweyo ndi khomo lakuseri.

Tikayang'ana Chingerezi chokha, mawerengedwe onse awiri ali ndi poimira. Ndi mmene liwuli lilili: limanena momveka kuti materemuwo ndi ondondozana, koma silinena chilichonse za zomwe zimachitika mndandandawo ukaduka. Yankho la funso limenelo liyenera kuchokera kwina, m'mawu ena a chiganizocho kapena m'cholinga cha lamulolo.

Mu Malichi 2009, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linakana mapepala a Muluzi. Iye anakadandaula kukhoti, ndipo pa 16 Meyi 2009, patatsala masiku atatu kuti anthu akavote, khoti lounika za malamulo oyendetsera dziko linagwirizana ndi bungwelo. Oweruza sanangodalira buku lotanthauzira mawu, koma anayang'ananso mbiri ya dziko ndi chifukwa chomwe gawoli linalembedwera. Muluzi anapempha omutsatira kuti avotere John Tembo wa MCP, ndipo Bingu wa Mutharika anapambana chisankho cha pa 19 Meyi.

Gawo lomweli limayankhanso mbali ina ya funso lija loti chikuwerengedwa n'chiyani. Limati munthu akalowa pa mpando pomalizitsa teremu ya wina, nthawi imeneyo siwerengedwa ngati teremu yake. Motero zaka ziwiri zomwe Joyce Banda analamulira, kuyambira mu Epulo 2012 Bingu atamwalira mpaka mu Meyi 2014, sizinali teremu pamaso pa gawo 83.

Nkhani ya Peter Mutharika ndi yosiyananso. Anapambana mu 2014, n'kulengezedwanso wopambana mu Meyi 2019, koma khoti linafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pa chisankho chachibwereza cha mu Juni chaka chomwecho anagonja kwa Lazarus Chakwera. MEC inalandira mapepala ake mu 2025, ndipo anapambana chisankho cha pa 16 Seputembala. Iye ndi woyamba m'mbiri ya Malawi kukhala pa mpandowu materemu osatsatizana, omwe pa Chingerezi amati "non-consecutive terms".

Mmene mayiko ena analembera

Funso lomweli lakhala likubuka m'mayiko ambiri, ndipo kalembedwe ka chiganizo chimodzi kamapereka zotsatira zosiyana kwambiri.

Ku Russia, malamulo a 1993 ankaletsa munthu kukhala pulezidenti materemu opitirira awiri motsatizana, ndipo kumeneko anawerenga chiganizocho monga mmene mbali ya Muluzi inkafunira. Vladimir Putin analamulira kuyambira mu 2000 mpaka mu 2008, anakhala nduna yaikulu pomwe Dmitry Medvedev anali pulezidenti, kenako n'kubwereranso mu 2012. Malamulowo atasinthidwa mu 2020, liwu lonena za kutsatizana linachotsedwa, koma anaikamonso ndime yoti materemu omwe Putin anatumikira kale asawerengedwe. Ku Brazil munthu amaloledwa materemu awiri ondondozana ndipo angathe kubwereranso atapumako: Luiz Inácio Lula da Silva analamulira kuyambira mu 2003 mpaka mu 2010, n'kubwereranso mu Januwale 2023. Dziko la Chile limaletsa kutsatiza ngakhale materemu awiri, koma silitseka kubwerera. N'chifukwa chake Michelle Bachelet ndi Sebastián Piñera ankasinthana mpandowu kuyambira mu 2006 mpaka mu 2022, aliyense materemu awiri osatsatizana.

America inapewa liwuli. Kusintha kwa nambala 22 kwa malamulo awo, komwe kunavomerezedwa mu 1951 Franklin Roosevelt atapambana zisankho zinayi zotsatizana, kumati munthu asasankhidwe pa udindo wa pulezidenti koposa kawiri. Kaya kawiriko n'kondondozana kaya ayi, zonse zimawerengedwa. Anthu awiri okha ndi omwe akhalapo materemu osatsatizana kumeneko: Grover Cleveland, yemwe analowa mu 1885 ndi mu 1893, ndi Donald Trump, yemwe analowa mu 2017 ndi mu 2025.

Anansi athu a ku Zambia anatsata njira yofanana ndi ya America. Malamulo awo, monga anasinthidwira mu 2016, amati munthu yemwe wakhalapo pa udindowu kawiri sangaimenso. Koma kusowa kwa liwu loti "consecutive" sikunawapulumutse ku mkangano, chifukwa funso linangosamukira pa chomwe chikuwerengedwa. Edgar Lungu anasankhidwa mu Januwale 2015 kuti amalizitse teremu ya Michael Sata, yemwe anamwalira mu Okutobala 2014, kenako n'kupambananso mu Ogasiti 2016. Kodi nthawi yoyamba ija, yomwe sinakwane zaka ziwiri, inali kukhala pa udindo kamodzi? Poyamba khoti lounika za malamulo oyendetsera dzikolo linamulola kupikisana nawo mu 2021, pomwe anagonja kwa Hakainde Hichilema. Mu Disembala 2024 khoti lomwelo linasintha maganizo, n'kugamula kuti nthawi ija iwerengedwe ndipo Lungu sangaimenso pa chisankho cha 2026.